Nyumba Imene Inayamba ndi Denga

Ndikukumbukira fungo la utuchi wa paini pa malaya a ababa. Fungo limenelo ndilo linkayamba kulowa m'nyumba mwathu ku Mbedza eni ake asanalowe. Ababa ankacheka matabwa pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo madzulo ankatsika atasenza thabwa pamutu, pa nkhata ya chitenje chakale cha amayi. Akafika ankaliponya pansi, n'kukhala pakhonde khosi lili gwa, osatha kucheuka mpaka amayi atawathowa ndi madzi otentha. Ine ndinkaima chapatali n'kumawayang'ana.

Ndinali mwana wachete. Pakamwa panga panalibe vuto lililonse, koma manyazi. Mlendo akandipatsa moni ndinkathawira kuseri kwa chitseko. Kusukulu aphunzitsi akaitana kuti "Esinati!" ndinkangokweza dzanja pang'ono, mawu osatuluka. Mpaka lero, ngakhale ndili ndi mwana wangawanga, kumsika ndimagula tomato pa mtengo umene wogulitsa wanena, chifukwa kunenerera kumandichititsa manyazi.

Nyumba yathu yoyamba inali ya zidina, yofolera ndi malata akale. Mitanda ndi mapaso ake anali matabwa amene ababa anatsika nawo okha m'phiri. Chiswe chinali ngati wachibale wosachoka. M'mawa uliwonse pakhoma pankaoneka timizere ta dothi lofiira tikukwera kudenga. Amayi ankatikanda ndi tsache, mawa lake tabwereranso.

Lamlungu lina nyengo ya mvula tinapita kutchalitchi banja lonse. Pobwerera tinapeza anthu ataunjikana pabwalo pathu, ena atagwira pakamwa. Denga la chipinda chimene ndinkagona ine ndi mng'ono wanga linali litalowa m'kati. Malata anali atapindika ngati makoko a nthochi. Ababa sanalole munthu kulowa. Analowa okha, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo anakhalitsa m'menemo. Potuluka anali ndi chidutswa cha mtanda m'manja. Kunja chinkaoneka chabwinobwino, koma atachifinya chinangonyenyeka, dothi lokhalokha likuyoyoka pakati pa zala zawo. Anangondiyang'ana ine, nthawi yaitali, mpaka ndinabisala kuseri kwa chitenje cha amayi. Tsiku limenelo tinasamukira m'khitchini. Nditafunafuna mphasa yanga, amayi anati yanyowa ndi mvula, yatayidwa.

Amalume a Lemani, achimwene awo a amayi, anali owotcherera zitsulo m'tauni. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo ali mnyamata anagwirako ntchito yomanga mashedi ku Blantyre. Iwowo ndiwo anabwera ndi nzeru yomanga nyumba yatsopano ndi zitsulo. Anati kuli shedi ina yakale ya fodya imene ikugwetsedwa, zitsulo zake zikadali zolimba. Ababa anagulitsa njinga ndi mbuzi zathu zonse. Mvula itatha, lole inafika pakhomo pathu n'kukhuthula zitsulo zazitali zadzimbiri, phokoso lake nkhuku zonse za m'dera zinabalalika.

Kwathu kuno aliyense amadziwa mmene nyumba imamangidwira. Mumakumba maziko, mumaimika khoma, khoma likafika pamwamba pa mawindo mumapumira kaye, mwina chaka chathunthu, kenako denga limabwera pomaliza. Ngakhale ife ana pomanga tinyumba ta dothi tinkatsata zomwezo. Koma amalume anachita zosiyana. Anakumba maenje, anaimikamo nsanamira zachitsulo, n'kuthira konkire wa mchenga wa ku Likangala. Nsanamira zitagwira, anazilumikiza pamwamba ndi zitsulo zopingasa, n'kukwezapo zina zopangidwa ngati makona atatu. Zonsezi anazipala dzimbiri n'kuzipaka penti wofiira. Posakhalitsa malata anakhomedwa, pansi anathirapo simenti. Nyumba inavala chipewa ilibe malaya. Munthu ukaima kumsewu unkaona mbali ina ya phiri kudzera m'kati mwake, ndipo mbuzi za anthu zinkabwera kudzabisala dzuwa pabalaza pathu pamene panalibe khoma.

Anthu odutsa ankaima n'kumayang'ana. Ndipo poti kwathu kunalibe magetsi, amalume anakoka chingwe chachikulu chakuda kuchokera pa golosale ya kumsewu kuti makina awo owotcherera azigwira ntchito. Chingwe chimenecho chinkadutsa m'mabwalo a anthu ngati njoka.

Kuipa kwa kukhala mwana wachete n'kwakuti akuluakulu amaiwala kuti uli ndi makutu. Tsiku lina ndinali pa mjigo, nditakhala pa ndowa yanga kudikira nthawi yanga yotunga. Patsogolo panga panali amake Fulo, amayi a mnzanga amene tinkasewera naye fulaye, ndi amayi ena a m'dera lathu. Anali atandifulatira.

"Inu, munthu wosenza matabwa moyo wake wonse, lero amange ndi zitsulo?" anatero amake Fulo akupukusa mjigo. "Munaionapo kuti nyumba yoyamba ndi denga? Chigayo chimenecho, ndikuuzeni ine. Magetsi akoka kale."

"Aa, amake Fulo! Nanga injini aigula ndi chiyani, poti ndi mbuzi zomwe anagulitsa?"

"Injini imabwera yokha ukapereka choyenera. Chigayo sichilira chopanda mwana m'kati. Mukuganiza kuti kamtsikana kawo kaja kamangokhala duu chifukwa chiyani? Anayamba kale kukatenga pang'onopang'ono. Lilime linapita kalekale. Penti mwamuona mtundu wake?"

Mmodzi anacheuka, anandiona, n'kutsokomola. Onse anatembenuka. Amake Fulo anamwetulira mano onse kunja.

"Esinati, wadzuka bwanji mwanangu?"

Ine, monga mwa masiku onse, sindinayankhe. Ndinawerama n'kumayang'ana zala za kumapazi. Ndipo ndinamva mmodzi akupuma mozama, kupuma kwa munthu amene waona yekha umboni.

Nkhani ya chigayo ana tonse tinkaidziwa. Tinkauzana pobwera kusukulu kuti mwini chigayo aliyense amapereka mwana wake, kuti mwanayo thupi limatsala pakhomo koma mzimu wake ndi umene umazunguza makina usana wonse, ndipo kulira kwa chigayo ndi kulira kwake. Tikatumidwa kukagayitsa tinkaima pakhomo, osafuna kusuzumira kuseri kwa injini. Koma sindinaganizepo kuti mwana wa m'nkhaniyo angakhale ndi dzina, ndipo dzinalo n'kukhala langa. Nditatunga madzi, ndinasenza ndowa yanga n'kunyamuka mothamanga. Pofika kunyumba madzi anali atatayikira theka, diresi lonse litanyowa.

Mwana wina akanathamangira kwa amayi ake kukafunsa. Ine ndinasunga m'mimba. Ndinayamba kuwaonetsetsa ababa, ndipo chilichonse chimene ankachita chinkagwirizana ndi mawu a pa mjigo. Chigwereni denga lija anali atasintha. Ankabwera ndi mabulosi a m'phiri atakulunga m'tsamba, n'kupatsa ine poyamba, mng'ono wanga pambuyo. Podutsa ankandigwira pamutu, chinthu chimene kale sankachita. Nthawi zina ndikakweza maso pakudya ndinkapeza akundiyang'ana, chakudya chili m'manja, osachiika pakamwa. Ndinkadziwa mmene amayi ankadyetsera nkhuku imene aikonzera Khirisimasi. Mabulosi aja ndinayamba kuwataya kuseri kwa bafa.

Fulo anasiya kubwera kwathu. Tikakumana panjira ankandiyang'ana ndi maso achisoni n'kudutsa mbali ina. Ana ena ankati akafika pafupi ndi nyumba yathu ankathamanga, akulira ngati injini.

Kenako madzulo ena, dzuwa lisanalowe, ababa anandiitana. Anandigwira dzanja n'kulowa nane pansi pa denga latsopano, n'kundiimika pa ngodya ina pafupi ndi nsanamira yofiira. Anatenga khala n'kujambula mzere pa simenti kundizungulira, mbali zonse.

"Alamu," anaitana amalume, "apa pamukwana eti?"

Amalume anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Pamukwana. Ngakhale atakula, sachokapo apa."

Onse awiri anaseka. Ine ndinaima pakati pa mzere uja, ndikuganiza kuti akundiyezera malo anga m'chigayo.

Masiku amenewo amalume anali kuwotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo ku nsanamira. Akamayamba ankatikalipira ana tonse kuti tichoke, tisayang'ane moto wawo. Iwo ankabisa nkhope kuseri kwa chigoba chakuda chokhala ndi kagalasi. Ine ndinaganiza kuti akutithamangitsa chifukwa pali chimene sakufuna kuti ndione. Ndiye Lachisanu lina nditaweruka kusukulu ndinabisala m'nthochi kuseri kwa nyumba n'kuyang'anitsitsa. Moto wake unali wobiriwira ngati wa mphezi, wolira ngati mafuta m'chiwaya, nthethe zikugwa pa simenti n'kumadumpha. Fungo lake linali lowawa pakhosi. Ndinayang'ana osaphethira, kufuna kuona pamene injini idzakhale, mpaka amalume anazimitsa makina. Sindinaone chilichonse chachilendo. Ndinangotsala ndi timadontho tobiriwira tikuyandama m'maso.

Kutacha Loweruka maso anga anakana kutseguka. Zikope zinatupa, m'kati mukuwotcha ngati wina wathiramo mchenga wotentha, misozi ikungotsika yokha. Ndikayesa kutsegula pang'ono, kuwala kunkandibaya ngati singano. Ndinagona chagada pamkeka n'kudziuza kuti basi, zayambika. Lilime anatenga kale, lero atenga maso.

Tsiku limenelo abambo a kumpingo kwathu anali atabwera kudzathandiza kututa njerwa zomangira khoma, ndipo amayi angapo anabwera kudzathandiza kuphika. Amayi atandiona anakuwa, n'kunditulutsa panja akundigwira dzanja. Ndinamva anthu akundizungulira. Ndinamva fungo la mafuta odzola a amake Fulo, ndi mawu awo akunong'oneza wina kuti, "Mwaonatu." Kenako ndinamva fungo la utuchi. Ababa anandinyamula m'manja ngati khanda n'kuyamba kuyenda nane mofulumira.

Panopa ndikudziwa kuti ankathamangira nane kumsewu kuti apeze njinga yopita kuchipatala, ndipo njira yachidule inali yodutsa m'kati mwa nyumba yopanda khoma ija. Koma ine ndinali mumdima. Ndinangomva mapazi awo achoka pa dothi, ayamba kulira pa simenti. Dzuwa linachoka pankhope panga. Mawu a anthu anayamba kumveka mwa mtundu wina, ngati m'mgolo, ndipo fungo la penti linandikwana.

Mawu amene anatuluka pakamwa panga sindinkadziwa kuti ndili nawo. Anagunda malata n'kubwerera.

"Ababa, musandiike m'chigayo! Ndiziyankhula! Ndiziyankha moni kwa aliyense! Chonde ababa, musandipereke!"

Ababa anaima. Kwinakwake njerwa inagwa m'manja mwa munthu n'kusweka. Amalume anayamba kuseka, koma kuseka kwawo kunaduka pakati. Ndinamva nkhunda zikuyenda pamwamba pa malata. Manja amene anandinyamula, manja amene ankatsitsa matabwa m'phiri osatopa, anandigwira zolimba.

"Chigayo chiti, mwanangu?" Mawu a ababa anali aang'ono. "Wakuuza ndani zimenezo?"

Mwina chifukwa choti sindinkaona nkhope ya munthu aliyense, manyazi anandithawa. Ndinanena zonse. Ndinanena za pa mjigo, amene anayamba, amene anayankha, za lilime, za penti, za magetsi. Amayi amati ndinkatsanzira ngakhale mawu a amake Fulo, mpaka kakuseka kawo ka m'mphuno. Ndinanena za mabulosi amene ndinkataya, ndi za mzere wa khala. Anthu amene anali asanamvepo mawu anga chibadwire changa anamva zokwana chaka chonse. Ndili pakati pofotokoza ndinamva masilipasi a munthu akuchoka pabwalo mofulumira, phathaphatha, kulowera kumsewu.

Ababa anakhala pansi pa simenti pomwepo, ine ndili pamiyendo pawo. Anauza amayi kuti, "Katengeni mphasa ija." Amayi anazengereza, koma anapita. Ndinamva akusuntha zinthu kudenga la khitchini. Mphasa imene anandiuza kuti inatayidwa inayalidwa patsogolo panga.

Poti sindinkaona, ababa anatenga dzanja langa n'kuliyendetsa pamphasapo. Ndinaizindikira ndi m'mphepete mwake mmene ndinkakonda kusolola timabango ndisanagone. Anayendetsa zala zanga kupita kumutu. Pamenepo bango linali lophwanyika, lobaya, ndipo pakati panali chibowo chimene dzanja langa lonse linalowa mpaka kukhudza simenti.

"Mtanda unagwera apa," anatero. "Pamene umaika mutu. Ukanagwa usiku, kapena ukanakhala kuti unadwala osapita kutchalitchi..." Sanamalize. "Thabwa limenelo ndinacheka ndine. Ndinasenza ndine. Ndinakhoma ndine."

Kenako anakweza dzanja langa n'kuligwiritsa nsanamira. Inali yozizira, yosalala, ndipo nditaikankha sinagwedezeke.

"Ichi chiswe sichidya. Mzere uja ndi chipinda chako."

Dontho lotentha linagwera pa mkono wanga, kenako lina. Poyamba ndinaganiza kuti ndi misozi yanga yomwe, poti inali ikutsikabe. Koma chifuwa chimene ndinatsamira chinali kugwedezeka. Ababa, munthu amene sanalire ngakhale pa maliro a amayi awo, ankalira pamaso pa abambo onse a mumpingo. Pa zonse za tsiku limenelo, ichi ndicho chinandiopsa kwambiri. Ndinamva abambo aja ayambanso kututa njerwa mwakachetechete, aliyense akuyesa ngati sakuona.

Kuchipatala anandithira mankhwala m'maso n'kundiuza kuti ndikhale mumthunzi. Anati ndi moto wa owotcherera basi, zimachitika kwa aliyense wouyang'ana. Patapita masiku ochepa ndinaona bwinobwino. Amalume anandisonyeza maso awo ofiira n'kunena kuti iwonso zinawachitikira kambirimbiri akuphunzira ntchito. Kuyambira pamenepo sananditchulenso dzina langa. Akafika pakhomo ankafunsa kuti, "Injini yathu yadya?"

Khoma linamangidwa pakati pa nsanamira, ndipo nyumba inaoneka ngati nyumba ina iliyonse. Ndinagona m'chipinda changa pamphasa yatsopano, ndikuyang'ana zitsulo zofiira pamwamba panga. Amayi ndi amake Fulo anakhala nthawi yaitali osapatsana moni. Pa mjigo amayi akafika nkhani zinkatha. Sindinasanduke mwana wolongolola ayi, manyazi anabwerera pamalo pake maso atangotseguka. Koma moni ndinayamba kuyankha, poti ndinali nditalonjeza pamaso pa anthu.

Zaka zingapo pambuyo pake kunabwera mvula ya mphepo yoopsa kuchokera kuphiri, masanasana. Madenga ambiri ku Mbedza anauluka. Lathu linangolira, osasuntha. Mphepo ili pakati tinamva kugogoda. Anali amake Fulo ndi ana awo, atanyowa, atasenza mabulangete. Amayi anatsegula chitseko, n'kuika madzi a tiyi pa mbaula. Amake Fulo anakhala pamkeka nthawi yaitali akuyang'ana kudenga. Kenako anatambasula dzanja, anasisita nsanamira ya pangodya, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Koma chigayo chanuchi n'cholimba, amake Esinati." Amayi anayesa kuumitsa nkhope, koma zinawakanika. Anaseka mpaka tiyi anatayika.

Masiku ano ndikamayenda m'tauni ndimaona nyumba zoyamba ndi denga paliponse: matchalitchi, masitolo, ngakhale nyumba zogona ku Mtiya. Nsanamira zimaima zofiira mwezi wathunthu, ana akusewera pansi pake, ndipo palibe amene amaima kumsewu n'kugwira pakamwa. Phiri nalo lasintha. Malo ambiri amene ababa ankacheka matabwa ndi zitsa ndi udzu, ndipo matabwa amene akugulitsidwa ndi a mitengo yanthete. Ababa anasiya kukwera, khosi linawakana. Amakhala pakhonde la nyumba yomweyo, imene chiswe chimakwera khoma lake mpaka pamwamba n'kubwerera chopanda kanthu.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndinakwatiwa, ndipo tikuchita lendi kanyumba ku Likangala. Denga lake ndi la matabwa. Mwana wanga wamkazi watengera ine, mlendo akabwera amakakamira chitenje changa, ndipo ndamvapo kale amayi ena akufunsana kuti kodi mwanayu bwanji sayankhula. Mvula ikayandikira ndimatenga mpini wa tsache, n'kukwera pa mpando, n'kumagogoda mtanda uliwonse pamwamba pa malo amene iye amagona, kumvetsera ngati ukulira ngati mtengo kapena ngati ng'oma. Iye amaima pakhomo n'kumandiyang'ana ndi maso aakulu, osafunsa kanthu. Maso amenewo ndimawadziwa.

Ababa anayamba ndi denga chifukwa ndi kumene imfa inachokera. Anaganiza za chiswe, za mphepo, za dzimbiri. Chimene anaiwala n'kundiuza. Ndiye ine ndikatsika pa mpando paja ndimakhala pansi, ndimamuika mwana wanga pamiyendo, ndipo ngakhale mawu amandivuta, ndimamufotokozera chimene ndimagogodera denga, asanakachimve pa mjigo.